Banja Lina Lake

M'mawa uliwonse, ana akangonyamuka kupita kusukulu, Mayi Zilibwino ankatuluka ndi beseni n'kukayanika ovolosi ya amuna awo pa chingwe cha kutsogolo kwa nyumba. Chingwe cha kuseri chinalipo, chachitalinso bwino, koma ovolosiyo ankaiyanika kutsogolo, chizindikiro cha kampani yophika buledi chitaloza kumsewu, kuti aliyense wodutsa aone kuti m'nyumba muno muli munthu wapantchito. Ovolosiyo inkalowa m'madzi ili yoyera kale, chifukwa mwini wake anali atasiya kuivala. Ntchito inali itatha.

Dzina lakuti Zilibwino silinali la ubatizo. Anawapatsa ndi anzawo a kumpingo, poti mayiwa, kaya mutu ukuwawa, kaya denga likudontha, ukawapatsa moni ankangoyankha kuti, "Zili bwino, Ambuye ndi wabwino," uku akumwetulira mpaka mano onse pamtunda. Sikuti chipembedzo chawo chinali cha pakamwa ayi. Mulungu ankamukonda zenizeni, odwala ankawayendera, pamaliro ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Vuto lawo linali limodzi lokha. Ankakhulupirira kuti Mkhristu akadandaula pagulu amachititsa manyazi Mulungu wake, ngati mwana wokapempha chakudya kwa aneba makolo ake ali pakhomo.

Amuna awo, amene ana a mumsewumo ankangowatchula kuti a Buledi, anali dalaivala wa galimoto yogawa buledi m'magolosale. Tsiku limene anaipeza ntchitoyo, mayiwa anaima kutsogolo kwa mpingo wonse n'kupereka umboni wautali, wovina nawo, ndipo anamaliza ndi mawu akuti chimene Ambuye wapereka palibe angachilande. Anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma kampani simva umboni. Malonda atavuta inagulitsa magalimoto ena, ndipo a Buledi anabwera kunyumba atanyamula ovolosi yawo kukhwapa.

Kubisa nkhaniyi kunali kosavuta, ndipo n'chifukwa chake kunatenga nthawi yaitali. Pa nthawi imene anali pantchito, a Buledi ankanyamuka kusanache, anthu onse akadali m'tulo, n'kubwerako masana. Palibe amene anawaonapo akupita. Ndiye chimene chinkafunika tsopano chinali kungokhala m'nyumba phee mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako n'kutuluka pakhonde akuyasamula ngati munthu wofika kumene. Mayi Zilibwino anali telala wosoka makatani, choncho mawindo onse anawaveka nsalu zochindikala zoti ngakhale udzudzu ukanapempha chilolezo kuti usuzumire.

"Mayi, ine ndatopa kukhala ngati mbava m'nyumba mwanga momwe," anatero a Buledi m'mawa wina, atakhala pamphepete pa bedi.

"Tsitsani mawu, bambo. Pawindopo pakudutsa anthu."

"Akamva chichitike n'chiyani? Kutha kwa ntchito si khate."

"Inu mwaiwala kuti ndinaima kutsogolo kwa mpingo wonse? Lero ndikaimenso pomwepo ndikati, abale, chija chinalandidwa? Nanga ofooka m'chikhulupiriro adzati chiyani?"

"Adzati pepani," anayankha a Buledi.

Mayi Zilibwino sanaseke. Anati Mulungu akudziwa kale, ndipo Mulungu akadziwa, anthu n'ngachiyani? A Buledi anali munthu wosakonda mikangano, wa mtundu wa madalaivala amene amapatsa mpata ngakhale nkhuku pamsewu, ndiye anangokanda pamutu. Masana ankapita kukafunafuna ntchito kumbali zakutali za tauni kumene kunalibe owadziwa. Koma ntchito imakonda munthu amene ali ndi womunenera, ndipo kumene palibe akukudziwa, palibenso wokunenera. Ankabwerako madzulo nsapato zili mbuu.

Pakhomo zinthu zinayamba kuthina. Makatani sagulidwa tsiku lililonse, ndipo makina osokera okha sakanatha kudyetsa anthu anayi. Shuga anasowa mu tiyi, mayi n'kunena kuti shuga amawononga mano. Nyama inasowa m'mbale, mayi n'kunena kuti imakweza magazi. Masiku osala kudya anachuluka pabanjapo kuposa a abusa enieni, mpaka mwana wawo wachisamba, mtsikana wa ku sekondale, anafunsa tsiku lina chifukwa chimene Mzimu unkawauzira kusala pokhapokha thumba la mpunga likapepuka. Mayi anamuyang'ana ndi diso limodzi lokha, mtsikanayo n'kupita kukatsuka mbale zoyera kale.

Lachitatu lililonse madzulo, mabanja a mpingo wawo okhala m'misewu yoyandikana ankakumana kuti apemphere, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uje. Mwambo wake unali wakuti akatha kugawana Mawu, wotsogolera ankafunsa ngati pali wina ali ndi chopempherera, ndipo anthu ankakhuthula za kukhosi, wina za mwendo wotupa, wina za mwana wosamvera, wina za apongozi obwera osanena tsiku lobwerera. A Buledi anali atasiya kupitako, poti pakamwa pawo sipankatha kunama. Akazi awo ankawapepesera kuti agona msanga chifukwa cha ntchito ya m'mamawa. Kale ankapita ndi buledi wotsala ku kampani woti anthu amwere tiyi, ndipo kuti asadabwitse anthu, mayiwa tsopano ankachita kumugula buledi yemweyo pagolosale ya kutali.

Lachitatu la nkhani yathuyi, asananyamuke, Mayi Zilibwino anasuzumira kuchipinda n'kupeza amuna awo akupolisha nsapato zimene ankayendetsera galimoto, pang'onopang'ono, ngati pali kumene akupita. Mtima unawapweteka kwambiri. Anayenda njira yonse akulimbana ndi maganizo, ndipo pofika pakhomo pa mkulu wa mpingo, kumene kunali mapemphero tsikulo, anali atapeza nzeru imene anaiona ngati yochokera kumwamba. Anena, koma osanena.

Mkulu wa mpingoyo anali bambo wa imvi zake, mwini sitolo ya simenti, malata ndi misomali. Atafunsa za zopempherera, Mayi Zilibwino anakweza dzanja. Anthu onse anatembenuka, chifukwa dzanja limenelo linali lisanakwerepo pa nthawi ngati imeneyi.

"Abale, si za ine ayi, ife zili bwino," anayamba motero. "Koma pali banja lina lake, sinditchula dzina. Bambo a m'nyumbamo ntchito inawathera kalekale. Zinthu zavuta, ana akugona ndi njala, koma ndi anthu amanyazi. Tiwakumbukire m'pemphero."

"Kalanga ine," anatero amayi ena. "A mumpingo mwathu momwe muno?"

"Momwe muno."

"Bamboyo amagwira ntchito yanji?" anafunsa a Mkulu.

Apa mayiwa anazengereza pang'ono, koma funso linali litabwera mosayembekezera. "Amayendetsa galimoto."

A Mkulu anavula magalasi n'kuwaika pa Baibulo lawo. "Mayi, mwina simukudziwa chimene mwanena. Dalaivala wa lole ya kusitolo kwanga wandisiya sabata yathayi, maso avuta. Ndakhala ndikusowa mtengo wogwira, katundu wa anthu ali mbwee pabwalo. Ngati munthuyo ali ndi laisensi ndipo samwa, muuzeni andipeze pofika Loweruka m'mawa. Dzina musanditchulire pano, ndidzamuona akadzabwera."

M'nyumbamo munamveka aleluya wamphamvu. Anthu anati pemphero layankhidwa lisanapempheredwe n'komwe. Mayi Zilibwino anagwidwa ndi chimwemwe ndi mantha nthawi imodzi. Sanaone kuti pakona panali munthu wina amene sanatseke maso pa pemphero lonse. Anali mayi wa saluni, amene anzake ankamutcha a Wailesi chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana inkakhala itamveka mpaka kumsika. Sanali munthu woipa mtima. Kungoti chinsinsi chinkamuyabwa ngati chitedze, ndipo tsikulo anali kale pa ntchito yowerenga madalaivala a mumpingo.

Mayi Zilibwino atafika kunyumba n'kufotokoza, a Buledi anadzuka pampando ngati mnyamata.

"Ambuye alemekezeke! Mawa lomwe ndilawirira kusitoloko."

"Khalani pansi kaye, bambo. Mukangopita, a Mkulu adziwa kuti banja lija ndi ife, ndipo pofika Lamulungu mpingo wonse udziwa kuti takhala tikubisa."

"Nanga si takhala tikubisadi?"

"Tamverani. Ine ndisala kudya, ndipemphe kuti Ambuye awaululire okha a Mkulu, kaya m'maloto, kaya mumtima. Akabwera okha kudzakupemphani, tidzangoti mwasintha ntchito. Umboni wake udzakhala wokoma, kuchoka pa buledi kupita pa simenti, popanda wina wochita manyazi."

"Mayi, Mulungu wayankha kale. Mukufuna ayankhe kawiri?"

"Anena kuti Loweruka. Nthawi ilipo. Ndipatseni masiku awiri okhawa."

A Buledi anayang'ana akazi awo. Anali atakhala nawo zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti akaika phazi pansi, ngakhale lole singawasunthe. Anavomera, koma ananenetsa kuti Loweruka kukangocha apita, maloto abwere asabwere.

M'mawa mwake Mayi Zilibwino anaganiza zowathandiza pang'ono malotowo. Anavala bwino n'kupita kusitolo kwa a Mkulu ngati wokagula misomali yopachikira makatani. Lole inali itaima pabwalo, yabuluu, matayala ake atsopano, ndipo matumba a simenti anali ataunjikidwa pambali kudikira wowanyamula. A Mkulu anawayezera okha misomaliyo.

"Amuna anga amaitama lole yanuyi," anatero mayiwa, maso ali pa sikelo. "Amati injini yake ndi yomvera."

"Ha, amuna anu aja ndiye dalaivala," anayankha a Mkulu. "Ndimawaona pamsewu, alibe phuma, salimbana ndi munthu. Kunena zoona, mayi, akanakhala kuti alibe ntchito, ndikanawapatsa makiyi lero lomwe, osafunsanso za laisensi. Koma munthu wa pakampani yaikulu ungamukokere ku kasitolo ngati kanga aka? Kungakhale kumulakwira. Zikuyenda bwanji kubulediko?"

Mawu anakwera mpaka pakhosi. Anali mawu ochepa, oti mwana wa mkalasi yoyamba akanawanena osapuma. Mayi Zilibwino anatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo m'sitolomo munalowa amayi awiri a kwaya, akufuna utoto.

"Zili bwino," anatero. "Ambuye ndi wabwino."

Analipira misomali imene sankaifuna n'kutuluka. Panjira anadzilimbitsa mtima kuti mbewu aifesa, chatsala n'kumera.

Lachisanu m'mawa, a Buledi ali pabalaza ndi kapu ya tiyi wopanda shuga, pachitseko panamveka kugogoda kwa anthu osangalala. Bamboyo anathawira kuchipinda ndi kapu yawo, monga mwa chizolowezi. Mayi Zilibwino atatsegula anapeza a Wailesi ndi amayi ena awiri a kumapemphero, atanyamulizana dengu lalikulu lovundikira ndi nsalu.

"Anzanga, musavutikenso kubisa, tinalitulukira banja lija!" anatero a Wailesi asanakhale n'komwe pansi.

"Mwalitulukira?"

"Nanga n'chovuta? Madalaivala mumpingo muno alipo angati? Amuna anu ali kubuledi, ovolosi timaiona tsiku lililonse. A minibasi aja akuyenda. Watsala ndani? Bambo wa takisi uja, wa kuseri kwa chigayo! Galimoto yake yakhala pamiyala chaka chino chonse, mpaka nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Ndinangoti, Ambuye, ndine wopusa bwanji, osaona chinthu chili poyera chonchi!"

"Ndiye mwatani?" Mawu a Mayi Zilibwino anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndatani? Dzulo madzulo nditangotseka saluni ndinakawatsina khutu akazi ake. Bamboyo atamva sanafunsenso kawiri, anasiya chakudya patebulo n'kuthamangira kwa a Mkulu, patapata m'manja. Wayamba lero! Lole ija yadutsa pa saluni m'mawa uno itasenza simenti, akuimba hutala ngati ukwati."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako kapu kugwa pansi.

"Kuli munthu kuchipindako?" anafunsa a Wailesi, khosi litatalika.

"Makoswe," anatero Mayi Zilibwino. "Atisautsa chaka chino."

"Ikani mankhwala, amatha zovala amenewo. Tsono chimene tabwerera n'chakuti, munthu akangoyamba ntchito malipiro amachedwa, ndiye amayi tasonkherana tinthu pang'ono, mpunga, mafuta, shuga, sopo. Tati amene anabweretsa nkhaniyi ndi amene atitsogolere pokapereka. Inu muponyamo chiyani?"

Mayi Zilibwino analowa kukhitchini ngati munthu woyenda m'tulo. Pa shelefu panali sopo mmodzi, womaliza, amene ankachapira ovolosi. Anamutenga n'kukamuponya m'dengumo. Amayiwo anawasenzetsa dengulo pamutu, poti ulemu unali wawo, ndipo anayenda nalo msewu wonse, fungo la mpunga ndi mafuta likutsikira m'mphuno za munthu amene anali pa tsiku lachiwiri la kusala kudya.

Mkazi wa bambo wa takisi anawalandira akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula mosapsatira, ndipo m'nyumba mwake munalidi mopanda kanthu, mipando iwiri ndi tebulo lopendekeka.

"Amayi, ine ndasowa chonena," anatero atagwira manja a Mayi Zilibwino. "Koma chimene chandidabwitsa n'chakuti akuti munati ndife amanyazi. Ife manyazi tinawagulitsa limodzi ndi wailesi ya m'galimoto! Takhala tikuuza aliyense wotipatsa moni kuti zativuta, kungoti kumapempheroko sitinkafika chifukwa cha mwana wodwalayu. Koma inu munationa, n'kutinyamula osatiuza n'komwe. Tipempherereni, amayi, pakamwa panu pali mdalitso."

Anagwada onse pa simenti yozizira, ndipo Mayi Zilibwino anapemphera. Anayamika chifukwa cha lole, anapempha kuti bamboyo aziyenda bwino pamsewu, kuti ana a m'nyumbamo asagonenso ndi njala. Atafika pa mawu akuti ana, mawu anawathera, misozi n'kuyamba kugwa ngati mvula. Amayi enawo anati amen mokweza, poganiza kuti Mzimu wawakhudza. Chinawakhudzadi chinalipo. Anaona kuti banjali linali losowadi ndipo sakanatha kulichitira nsanje, komanso anaona kuti chimene anapempha chinabwera, n'kuima pakhomo pawo tsiku lathunthu, iwo n'kuchiuza kuti zili bwino.

Atabwerera kunyumba anapeza amuna awo atakhala pakhonde, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, anthu akudutsa n'kumawapatsa moni modabwa.

"Bambo, mwatuluka?"

"Khoswe watuluka," anatero a Buledi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri. "Khalani apa, mayi. Ine sindikukwiyirani nokha, chifukwa miyendo ndinali nayo, ndikanatha kupita. Tonse awiri tataya bomwetamweta. Koma kuchipinda kuja sindibwererakonso. Ana athu sadya umboni."

Mayi Zilibwino anakhala pa sitepe, pafupi ndi mapazi a amuna awo. Anafuna kunena kuti Ambuye atsegula njira ina, koma kwa nthawi yoyamba anaona kuti mawuwo, ngakhale ndi oona, sanali oyenera kutuluka pakamwa pawo tsiku limenelo. Anangoti, "Ndakulakwirani, bambo," ndipo a Buledi anagwedeza mutu.

Ngati kuti zinachita kukonzedwa, mapemphero a Lachitatu lotsatira anali kunyumba kwawo. Anthu anadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pa mkono wa sofa. Tiyi analipo, koma buledi panalibe, ndipo a Wailesi anaona zimenezo asanaone china chilichonse. A Buledi anakhala pakona, manja ali pamaondo. Bambo wa takisi anabwera molunjika kuchokera kuntchito, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi simenti, ndipo nthawi ya maumboni itakwana anaimirira woyamba. Anafotokoza za galimoto yake yakufa, za njala, za mmene anathamangira kusitolo opanda nsapato, kenako anatembenukira kwa mwini nyumba.

"Amayi awa ndi mngelo," anatero. "Mpingo ukanakhala ndi anthu khumi otere, bwenzi palibe wovutika."

Anthu anaomba m'manja. Mayi Zilibwino anayang'ana pansi. A Mkulu atafunsa ngati pali wina ali ndi chopempherera, mayiwa anaimirira.

"Abale, ine si mngelo. Banja lija ndinanena sabata yatha lija, si la bambo awa ayi. Ndi lino. Amuna anga ntchito inatha miyezi yapitayo. Ndine ndinawaletsa kunena, ndine ndinkawatsekera m'nyumba, ndinenso ndinawaletsa kupita kusitolo. Ndinkati ndikuteteza dzina la Ambuye, koma ndaona kuti ndinkateteza langa. Zinthu sizili bwino. Tipempherereni."

Munthu woyamba kupeza mawu, monga mwa nthawi zonse, anali a Wailesi.

"Mayo ine! Ndiye khoswe wotsokomola uja..."

"Ndine," anatero a Buledi ali pakona, atakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Wina anaphulika kuseka, kenako wina, mpaka nyumba yonse inagwedezeka, ndipo Mayi Zilibwino nawonso anapezeka akuseka misozi ili m'masaya. A Wailesi anaseka pang'ono n'kusiya, chifukwa anakumbukira za dengu. "Ndipo tinakusenzetsani mpunga, inu muli ndi njala! Mpaka sopo wanu! Ambuye andikhululukire, ine ndi pakamwa pangapa."

"Pakamwa panu panagwira ntchito yake," anayankha mayiwa. "Panga ndi pamene panalephera."

A Mkulu okha ndi amene sanaseke. Anali atagwira chibwano, akuyang'ana Mayi Zilibwino ndi chisoni. "Mayi, munabwera kusitolo kwanga. Ndinakuuzani ndi pakamwa panga kuti makiyi ndikanawapatsa tsiku lomwelo. Ndinakufunsaninso kuti zikuyenda bwanji."

"Munandifunsa, a Mkulu."

"Tsono lole ndili nayo imodzi."

Bambo wa takisi anaimirira, akupotokola chipewa chake m'manja. Anati ngati ntchitoyo inali ya a Buledi, iye sangadye cha mwini, abweza makiyi mawa. Akazi ake anamukoka malaya, koma iye anaumirira. A Buledi anadzuka n'kumukhazika pansi ndi manja awiri.

"Achimwene, ntchitoyo ndi yanu. Inu munamva njala n'kuthamanga, ine ndinamva njala n'kubisala. Muziyendetsa bwino, ndipo giya yachitatu muziilowetsa mofatsa, malole a mtundu umenewo sakonda ukali."

Anagwada onse. Kwa nthawi yoyamba chilowereni mumpingomo, Mayi Zilibwino anamva anthu akupempherera nyumba yawo moitchula, bambo ndi ntchito yawo, ana ndi sukulu yawo, mayi ndi makina awo osokera. Ankaganiza kuti tsiku lotere adzafa ndi manyazi, koma chimene anamva chinali kupepuka, ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza nthawi yaitali mpaka kuiwala kuti ndi wolemera. Atanena amen, anthu sanathamangire kunyamuka. Mphunzitsi wina anati kusukulu kwawo basi ikhoza kufuna dalaivala chaka chamawa, ndipo akafunsa. Wina anati mlamu wake amadziwana ndi a kampani yonyamula mchenga. Zonsezi zinali za mwina, zopanda tsiku, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti yeniyeni, ya makiyi m'manja, inali itapita.

Alendo atatsanzika, lole yabuluu ija inalira kunja, bambo wa takisi akukatula a Mkulu kwawo. A Buledi anaima pakhomo kumvetsera injiniyo mpaka inazimiririka kumapeto kwa msewu, ndipo akazi awo anaima pambali pawo. Mulungu sanachedwe pa nkhani imeneyi, ndipo abale sanaume mtima. Thandizo linafika pa nthawi yake, linafunsa njira, n'kulowa m'nyumba ya munthu amene ananena poyera kuti zamuvuta. Anthu angakukonde chotani, sangamve kupweteka kumene kuli m'thupi mwako, ndipo pamenepa akuluakulu sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.